Namondwe Wapatsidwa Dzina

Chilenje, Lusaka
9 Malichi 2025

Okondedwa achimwene a Morris,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse ku Phalombe kumeneko. Nanga mwana wanga Abby chifuwa chija chinasiya? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Ndalemba papepala chifukwa pa foni mumandidula mawu. Mnzanga ajambula kalatayi n'kukutumizirani lero lomwe. Chonde muwerenge mpaka kumapeto.

Dzulo ndikusita zovala kwa ba Kalenga ku Woodlands, kumene ndimagwira ntchito, pa TV anaonetsa mtambo woyera ukuzungulira panyanja yaikulu kuseri kwa Mozambiki. Mwana wawo Chipego, wa ku yunivesite, anandiuza kuti ndi namondwe ndipo amupatsa dzina loti Jude. Akuti mayinawa amalembedweratu nyengo ya mvula isanayambe, motsata zilembo, ndipo ameneyu ndi wakhumi. Akuti kamphepo wamba sakapatsa dzina. Amadikira kakule kaye. Ndiye mukamva dzina, dziwani kuti chinthucho chakula kale.

Anandionetsanso mzere umene akatswiri ajambula poyang'ana zithunzi za m'mlengalenga. Ukulowa kumtunda, kulunjika cha kwathu. Ndinafunsa ngati sangakhote. Anati amakhota nthawi zina, koma iye sangagonere zimenezo. Ndinapsereza malaya a bwana.

Achimwene, pali chimene ndakhala ndikukubisirani zaka ziwiri.

Nthawi ya namondwe Freddy ndinauonanso mzere ngati womwewu, kutatsala masiku atatu. Ndinatenga foni kuti ndiimbire achemwali a Febby achoke m'munsi mwa phiri muja. Koma mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandiletsa. Anati choipa ukachitchula dzina umachiitana, chofunika n'kuchikana m'pemphero. Nanenso ndinakumbukira mmene mumandisekera kuti Tryness amaopa ndi mthunzi wake womwe. Ndinaimba ndithu, koma tinangokamba za mbewu ya nandolo. Ndinamva mvula ikugunda malata kumbuyo kwa mawu awo. Anati, “Bwanji ukumveka ngati uli ndi mawu?” Ine ndinati ndi chimfine.

Pamaliro a achemwali paja munkati palibe akanadziwa kuti phiri lingagumuke. Zoona, za phirilo sindinkadziwa. Koma ndinkadziwa kuti kukubwera chinthu, ndipo ndinatseka pakamwa. Mwina akanakana kuchoka. Mwina akanachoka. Funso limeneli ndimadya nalo tsiku lililonse.

Abby ndi amene wanditsalira, ndipo nyumba yanu ili pafupi ndi mtsinje wotsika m'phiri lomwe lija. Ndikudziwa muti chimanga chili m'munda, mbuzi zitsala ndi ndani. Mbuzi zimasuleni. Tengani ana, mabulangete ndi mabuku a kuchipatala, mupite kumalo okwera kumene a boma akunena pa wailesi. Musadikire madzi afike pakhomo. Ngati inu simufuna, mtumizeni Abby ndi alamu mawa m'mawa.

Akakhota namondweyo, mudzandiseke chaka chonse, ndidzaseka nanu. Ngati mwandikwiyira za a Febby, mudzandikalipire muli pouma.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa azakhali. Abby mumuuze kuti amayi ake akuti avale juzi yofiira ija. Mulungu akusungeni nonse.

Foni ndaiika m'thumba la epuloni. Mukafika kumtunda mungoiliza kamodzi, ndidziwa.

Dzina lake ndi Jude. Ulendo uno ndalitchula.

Ine mlongo wanu,
Tryness