Nambala ya Chigayo Sindipereka

Amayi anga, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Kuno ku Kandeu tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chatilowa m'mafupa. Mkazi wa mwana wanu Yohane wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Akakwiya amakwinya pamphumi ngati inu nomwe. Kachewere wachita bwino kumunda wakumtunda, koma ogula ochokera ku Tsangano akumugwetsa mtengo, ndiye ndangomusunga kaye.

Chigayo chimene abambo anagula ndi thukuta la kumigodi chikulirabe. Nkhani yake ndiyo yandigwiritsa cholembera lero.

Mukukumbuka mmene munkazunzikira pokalipira magetsi ake ku boma? Ndalama mutamanga pamfundo ya chitenje, china n'kuvala pamwamba, ulendo wa pa lole ya matola. Munkabwera mapazi atatupa, nthawi zina atakuuzani kuti mubwerenso mawa. Zimenezo zinatha, Amayi. Yohane atabwera kumaliro anu kuchokera ku Joni anandisiyira kompyuta yakale, ndipo a kubanki anandiphunzitsa kulipira ndili m'nyumba. Ndimalemba nambala ya mita, kenako nambala yanga yachinsinsi, basi magetsi alowa. Sukulu ndinalekeza kupulayimale, choncho ndimawerenga manambalawo mobwerezabwereza mpaka maso kuwawa. Koma chiyambire, palibe mayi amene wabwerera ndi dengu la mphale pamutu chifukwa choti chigayo chazima.

Maliro anu asanazizire, foni yanga inalira. Anali mwamuna wa mawu ofatsa. "Pepani maliro, a NaNgozo," anatero. "Mayi athu aja anali munthu." Anatchula dzina lanu, mudzi wathu, mpingo wanu, ngakhale Yohane. Misozi inandilengeza. Kenako anati ndi wa kubanki, ndipo akaunti ya chigayo itsekedwa poti mwini wake watisiya. "Tangonditchulirani nambala yachinsinsi ija, ndikukonzereni. Inu muli pachisoni, musavutike."

Munatilera kuti wodzapepesa maliro sabwezedwa pakhomo. Pakamwa ndinatsegula ndithu kuti ndiitchule nambalayo. Koma ndinakayikira, ndiye ndinati, "Bambo, fikani kunyumba, mukhale pamphasa, tilire limodzi, zinazo tikambe pambuyo." Mawu ake anasintha pomwepo. "Mayi, ine nthawi ndilibe, fulumirani!" Wopepesa maliro wa changu munamuonapo kuti, Amayi? Ndinadula foni. Nditafunsa kubanki anati kwawo kulibe amene anandiimbira, ndipo iwo safunsa munthu nambala imeneyo. Zonse ankatchulazo bambo uja anazitola pa wailesi, mu uthenga wa maliro anu umene mlongo wanu, Malume a Gideoni, anakapereka. Anaikamo mayina athu tonse pamodzi ndi nambala ya foni yanga.

Ndinkayesa kuti Malume akamva andiyamikira. Anandiitanitsa pakhonde pawo. "Waona? Makina akowa aitana akuba. Iwe ndiwe mkazi, sukulunso sunapite nayo patali, tsiku lina adzakupusitsa. Bweretsa nambalayo ndizisunga ine mwinimbumba, apo ayi bwerera ku lole monga ankachitira mayi ako."

Malume si wakuba, mukuwadziwa. Koma mukudziwanso kuti akakhala pabawo mumtima mwawo simutsala kanthu, ndipo poti maso anafooka, foni yawo amapatsa aliyense wodutsa kuti awawerengere uthenga. Nambala ikafika kwa iwo, dzuwa lisanalowe yafika pamsika. Ndinagwada, n'kunena kuti, "Malume, thumba la chimanga tengani, mbuzi tengani, koma nambala ayi." Inu nomwe munkati chitseko timatsegulira mlendo aliyense, koma kiyi amagona m'chiuno mwa mwini nyumba.

Anaimirira, ndodo ili m'manja. "Ngati sundikhulupirira pa kanambala, usandikhulupirirenso pa ukwati wa Feliya. Ukapeze nkhoswe ina."

Apa ndiye pandipweteka, Amayi. Mdzukulu wanu Feliya, mwana wanga woyamba uja, wapeza mnyamata wabwino, mmisiri wa matabwa, ndipo chinkhoswe chili mwezi wamawa. Yohane anabwerera ku Joni, ndiye popanda malume woimirira kuchikazi, akuchimuna adzatiyesa anthu otani? Mwanayu akungolira. Amayi a kumpingo anandilangiza kuti ndikapepese ndi nkhuku. Ndinagwira tambala wonenepa, ndinapita, ndinagwadanso, ndinapepesa ngati mawu anga anakwera. Malume anamuyeza tambalayo m'manja, n'kufunsa, "Nanga nambala?" Ndinati, "Imeneyo ayi, Malume." Tambala anadya, mawu awo sanabweze.

Tulo sindikutiona bwino, ndipo ena pamudzi ayamba kunditcha Mayi Kompyuta. Anene. Akanena atope, mawa abwera ndi chimanga chawo kudzagayitsa pomwepa. Chigayochi chikulipirira ana a Yohane sukulu, ndi chimene chinakugulirani bokosi, ndipo ndi chimene chiphike pa chinkhoswecho. Sindingachiike pabawo pofuna kuti anthu azinditcha mwana waulemu. Ku lole kujanso sindibwerera ndi ndalama pachiuno kuti ndikondweretse munthu.

Loweruka ndikwera njinga kutsikira ku Bwanje kwa mlongo wanu wamng'ono, Malume a Filipo, amene akulima mpunga kusikimu ya mthirira. Ndikawagwadira kuti adzaimirire Feliya. Ndikawauza zonse, osabisa kanthu, kupatula nambala. Akakana iwonso, ndikagogoda kwa akulu a mpingo. A Gideoni mpando wawo udzakhalapo kutsogolo. Akafuna adzakhalepo, akapanda kufuna udzakhala wopanda munthu, anthu adzaone okha.

Ngati ndalakwira mlongo wanu, mudzandikalipire tikadzakumana, ndidzamvera ndili chogwada. Koma Feliya akwatiwa mwadongosolo, pamaso pa anthu, ndipo ndikulonjeza kuti tsikulo sindidzaweramitsa mutu.

Ndimakukondani, Amayi. Mupereke moni kwa abambo.

Ndine mwana wanu,
Esinati