Kaputeni Chiphaliwali Wakana Kuponya Dayisi

Achemwali anga okondedwa,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi ana? Chifuwa chija chimakuvutani nyengo yozizira chinakusiyani? Kuno tikudzuka. Alamu anu ali bwino, inenso m'thupi ndilibe podandaula, koma mtima wanga ukuwira, ndipo mukamaliza kuwerenga wanunso uwira.

Ndalemba kalata dala. Pa foni mumandidula mawu, mumati ndisamukalipire mwana, ngati kuti mzime wathuyo akadali wa matewera. Munthu wa ndevu zake uja! Lero muwerenga mpaka pansi.

Ndiyambe ndi bambo. Mukudziwa mmene sitiroko ija inawasiyira: dzanja lamanja lolemera, pakamwa pokhota, mawu otuluka movutikira. Munthu amene anayimbira mpira zaka zonse zija, amene akakuwa bwalo lonse linkamva, anangoti zii. Adokotala a mafizo anati mankhwala ake ndi kulankhula ndi kugwiritsa ntchito dzanjalo. Koma bambo mumawadziwa. Ukawapatsa kampira kofinya ankakaponya kuseri kwa mpando. Ukati atchule dzina lako ankatembenukira kukhoma.

Chimene chinawadzutsa ndi masewero a alamu anu, omwe aja munkawaseka kuti ndi chibwana cha akuluakulu. Ndikukumbutseni mmene amayendera, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Timakhala patebulo lodyera Lamulungu masana. Aliyense ali ndi munthu wake wongopeka, ngwazi ya mphamvu zodabwitsa. Alamu anu ndi amene amakamba zimene zikuchitika mumzinda wa m'nkhanimo. Nthawi yako ikafika umanena chimene munthu wako akufuna kuchita, kenako umaponya dayisi kuti tione ngati zatheka. Ukamaliza, nthawi imapita kwa amene wakhala pafupi nawe.

Tsiku lina bambo ali pampando wawo anaona alamu anu akundilola kuponya kawiri. Anamenya tebulo ndi dzanja labwinolo n'kunena kuti, "Ayi." Achemwali, ndinalira. Mawu oyamba kutuluka bwinobwino m'kamwa mwawo chidwalireni anali ondiletsa kubera!

Kuyambira pamenepo anakhala nafe patebulo. Munthu wawo ndi Mlonda, nkhalamba ya wezulo imene ikalira akuba onse amauma pomwe aima. Pa nthawi yawo amalankhula. Poyamba linali liwu limodzi, kenako awiri, mpaka anafika ponena chiganizo chathunthu. Dayisi amaponya ndi dzanja lodwalalo, chifukwa linalo ndi lomenyera tebulo. Malamulo amawasunga ngati akadali pabwalo: palibe kulankhula pa nthawi ya mnzako, palibe kulumpha munthu, palibe kuponyera wina.

Ndiye kunabwera mzime wathu, mwana wanu uja. Anamva kuti bambo ayamba kuseka, n'kuti nayenso alowa. Ndinasangalala, ine wopusa. Anadzipekera ngwazi yake, Kaputeni Chiphaliwali. Amauluka, amanyamula basi ndi dzanja limodzi, chinsalu chagolide chikukupiza kumsana. Koma khalidwe lake! Sapulumutsa munthu asanafunse ngati atolankhani afika. Mwana akamamira m'madzi amayamba wakonza tsitsi. Tsiku lina ine ndi Mlonda tinagwira achifwamba titatuluka thukuta masana onse, iye n'kutera kuchokera kumwamba, phazi pamsana pa mkulu wawo, kuti chithunzi cha m'nyuzipepala chikhale chake.

Poyamba tinkaseka, ndisaname. Ngakhale bambo mapewa ankawagwedezeka. Alamu anu akuti munthu wotere amakometsa nkhani, bola womusewerayo adziwe polekezera. Vuto ndi lakuti wanuyu sanapeke kanthu. Anangodziyang'ana pagalasi n'kuwonjezapo chinsalu.

Mukudziwa kuti masiku ano amajambula timavidiyo toika pa intaneti. Kusaluni kwake kumeta ndi pang'ono, ntchito yeniyeni ndi kujambula. Kasitomala amakhala mutu wometedwa theka, mwiniwake akumwetulira foni. Kwathu kuno anayamba kutsamiritsa foniyo ku botolo la shuga, akuti akujambula dayisi yokha ndi manja ake. Ndinamuuza kuti nkhope ya bambo isaoneke, iye anavomera.

Lamulungu limene zinavuta, m'nkhani muja holo ya sukulu inali kugwa, ana ali m'kati. Mlonda analowa. Bambo ananena okha, popanda wowathandiza, kuti ana atuluke onse, iwo atsalira kumbuyo. Ana anatuluka, koma poti Mlonda naye athawe dayisi inawakana, chitsulo cha kudenga n'kumugwera, kumupanikizira pansi. Inafika nthawi yanga. Munthu wanga amadutsa m'makoma, koma sangathe kunyamula ngakhale ndowa, ndiye anangofika n'kumugwira Mlonda dzanja. Wotha kunyamula chitsulocho anali mmodzi yekha, ndipo nthawi inali yake. Akangoponya iye, otsatira anali bambo.

Anatenga dayisi n'kumaigubuduza m'manja. Anati Chiphaliwali sanganyamule chitsulo chotere popanda womuona. Tinaseka, kuyesa ndi zake zija. Kenako anachotsa foni pa botolo la shuga n'kuilozetsa kumaso kwa bambo, akuti Mlonda ayambe wapempha thandizo anthu amve. Bambo sanalankhule, chifukwa sinali nthawi yawo. Malovu ankangotsika pachibwano, iye n'kumayandikizabe foni, akuti apa ndiye pabwino, anthu amakonda zokhudza mtima.

Ndinaimenya foniyo. Inakagwera pansi pa kabati, galasi n'kung'aluka. Sindipepesa, ndipo musandiuze kuti ndipepese.

Anaitola, n'kuika dayisi patebulo osaponya, n'kunena kuti Chiphaliwali adzabwera tsiku limene adzamulole kujambula. Anatuluka osatsanzika ngakhale bambo ake omubereka.

Kuchokera tsikulo sanapondenso pakhomo pano. Lamulungu lililonse bambo amavala malaya awo abwino, amakhala pamalo pawo, n'kumayang'ana mpando wopanda munthu. Alamu anu ayesa zonse. Anati chivomerezi chasuntha chitsulo, bambo anamenya tebulo. Anati ine ndimuponyere Chiphaliwali, anamenya tebulo. Anati tiyambe nkhani ina yatsopano, bambo anatenga dayisi ija n'kuibwezera pomwe mwana wawo anaisiya. Nthawi ndi ya mnzawo, ndiye iwo akudikira.

Muone tsono pamene pali kuopsa. Bambo amalankhula pa nthawi yawo yokha, ndipo nthawi yawo siikufika. Mawu aja abwerera kumene anachokera. Sabata yatha adokotala a mafizo anandifunsa kuti chachitika n'chiyani, popeza dzanja layambanso kuuma ndipo akawafunsa kanthu sakuyankha. Anati zikapitirira chonchi, zimene tinapeza miyezi yonseyi zitayika. Ndikanawayankha chiyani? Kuti bambo anga apanikizidwa ndi chitsulo chosaoneka?

Ndinapita kusaluni. Ndinamupeza akuwongola nyale yake yozungulira yowunikira pojambula, foni yatsopano ili kale pamalo pake. Ndinamufotokozera zonse modekha, ndipo inu mukudziwa kuti kudekha kumandivuta. Mukudziwa zimene anandiyankha? Akuti si iyeyo, ndi mmene Chiphaliwali alili, iye akungomusewera mokhulupirika. Akuti alamu ake anamuphunzitsa okha kuti munthu wako usamamusinthe khalidwe pakati pa nkhani.

Ndinamufunsa kuti amene anagwira foni uja anali Chiphaliwali kapena iyeyo. Anati vidiyo ya bambo ingalimbikitse odwala ambirimbiri. Ndinati odwala ambirimbiriwo ali ndi ana awo, bambo ali ndi ife. Anati ndili ndi nsanje chifukwa anthu amamukonda. Nsanje, ine! Kenako anayatsa makina ometera kuti asandimve. Kasitomala amene anali pampando ndi amene anachita manyazi, mpaka anandipepesa m'malo mwake.

Ndinabwerako nditalumbira kuti dzina lake sindilitchulanso. Koma dzulo masana ndikuanula zovala kuseri kwa zenera la chipinda chodyera ndinamva mawu. Ndinasuzumira. Bambo anali okha patebulo, dayisi ili pomwe paja, sanaikhudze. Ankayang'ana mpando wa mwana wawo, akuyeserera zimene Mlonda adzanene chitsulo chikadzachoka. Mawu ankawakanika pakati, n'kupukuta pakamwa, n'kuyambiranso. Ndinaima pamenepo zovala zili m'manja mpaka anakwanitsa:

"Ndimadziwa kuti ubwera, mwanangu."

Achemwali, ife amene timawasambitsa ndi kuwaveka sitikumva ngakhale zikomo, mawu awo onse akusungira iyeyo. Bambo sindikuwakwiyira. Ndikukwiyira munthu amene akudikiridwa chonchi koma ali kalikiliki kuwerenga kuti amukonda angati lero.

Ndiye pempho langa ndi ili. Munamulera ndinu mayi atatisiya, munamubereka kumsana ndinu, ndipo pa dziko lonse mawu amene amamulowa m'khutu ndi anu okha. Muimbireni. Osamutumizira uthenga wolemba, amve mawu anu aja munkatiitanira tikaswa mbale. Musamunyengerere, musayambe n'kumufunsa ngati akudya bwino. Muuzeni abwere Lamulungu lino, foni aisiye kusaluni, akhale pampando wake, aponye dayisi. Kaya chitsulo chinyamuka kaya chikana, zimenezo n'za dayisi. Chimene ndikufuna ine n'chakuti nthawi ya bambo ifike.

Mukalephera, ndikuuziranitu zimene ndichite, ndipo ndikudzida nazo. Ndimutsegulira chitseko ndi foni yake yomweyo. Botolo la shuga ndimusunthira ndekha, anthu osatidziwa aone malovu a bambo athu, amuyamikire iye kuti ndi mwana wachikondi. Chiganizo chija bambo achivutikira, ndipo sindilola kuti chiwaumire m'kamwa. Chonde musandifikitse pamenepo.

Mulungu akusungeni, akupatseni mawu olowa m'mutu wouma. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti mayi awo aang'ono akuwasowa. Alamu anu akuti moni wambiri. Bambo ndinawauza kuti ndikukulemberani, n'kuwafunsa ngati ali ndi mawu oti ndiikemo. Anagwedeza mutu kuvomera, milomo inasuntha, kenako anayang'ana dayisi ija n'kukhala chete. Si nthawi yawo.

Ndine mng'ono wanu,
uja mumati ndi wapakamwa