Njerwa za Manesi

Dzoole, Dowa

Wokondedwa mng'ono wanga Talandira,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ndi ana ku Joniko. Kuno tilipo, soya takolola.

Chifuwa cha alamu ako a Felton chayamba kutsika. Ku chipatala cha Mtengowanthenga anawayeza makhololo koma sanapeze chifuwa chachikulu. Adokotala anati gwero lake ndi chilungulira: munthu akagona, asidi wa m'mimba amakwera n'kumakanda kummero, ndiye kutsokomola sikutha. Anawapatsa mankhwala, nati azidya msanga madzulo ndipo tikweze bedi kumutu.

Ine ndinawakumbutsa kangapo zokweza bedilo, iwo n'kumati, "Amayi, mwayamba liti udokotala?" Koma atangonena Manesi, mayi wamasiye wa m'kwaya yawo uja, tsiku lomwelo a Felton anabwera atanyamula njerwa za kwa Manesiko. Pano pakamwa pawo sipachoka kuti Manesi ndi wanzeru, ngati uphunzitsi wanga wonse uja unali masewera.

Umandidziwa, maso angawa amawerenga okha. Pakhonde pa Manesi panali njerwa makumi awiri, zatsala khumi ndi ziwiri. Pansi pa bedi lathu pali zinayi zokha. Nanga zinayi zinazo zikukweza bedi la ndani? Manesiyo sindinamumvepo akutsokomola.

Ubwere pa Khirisimasi tidzakambirane. Achimwene athu usawauze kaye.

Ndine mkulu wako,
Elube Nankhoma