Galimoto ya Bambo Yasiya Kutsokomola

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko pamodzi ndi alamu. Kuno tadzuka.

Galimoto imene anatisiyira malemu bambo ija ndinapita nayo kwa makaniko. Sanagwire sipanala n'komwe. Anangolumikiza kompyuta kunsi kwa chiwongolero, n'kusintha mmene injini imamwera mafuta kuti ikhale ndi mphamvu. Achimwene, pano chitunda cha kwathu chija imakwera ngati ikuyandama pamadzi. Ndikaponda pang'ono mitengo imathawira m'mbuyo, ine n'kumaona ngati ndingafike komwe muliko dzuwa lisanalowe.

Koma kutsokomola kwake kwa pachitunda kuja kunatha. Paja mayi ankati akangomva kutsokomolako, ankatereka madzi a tiyi. Dzulo ndinawapeza atakhala pawindo, galimoto ili kale pabwalo. Anati, "Mwanawe, bambo ako achedwa bwanji lero? Sindinaimve ikukwera."

Si koyamba kufunsa zotere. Zina sindingazilembe m'kalata.

Makanikoyo akuti anasunga zonse za mmene injini inkayendera kale, ndipo atha kuzibwezeretsa. Ndipitako Loweruka. Inu mukapeza mpata bwerani, pamene mayi akuzindikirabe mawu athu.

Ndine mng'ono wanu.