Bana Mulenga Analowa M'kalasi Mwanga

Amayi anga, kumeneko mukukhala bwanji? Kuno ku Chinyunyu tili bwino. M'bale wanga Tisa anabereka mwana wamkazi, ndipo makutu ake ndi anu enieni. Chimanga chachita bwino kumunda wakumtsinje, koma nsawawa zinapsa ndi dzuwa. Denga la khitchini likudonthabe.

Pali nkhani imene sindinakuuzenipo chifukwa cha manyazi. Pa maliro anu, Bana Mulenga, mnzanu wa Chibemba amene munkagulitsa naye tomato pamsewu, anakhala pafupi ndi bokosi nafuula kuti, "Dzuka iwe wodya mbewa, wathawa kupalira!" Kenako anandipaka ufa kumaso. Chimbuya, mwambo umene ankachitawo, ndinkachidziwa, Amayi. Ndinachilembapo mayeso ku yunivesite, kuti Abemba ndi ife akum'mawa timanyozana pa maliro. Koma tsikulo ndinawakalipira pamaso pa anthu. Anapitiriza kutunga madzi ndi kuphika mpaka maliro anatha, kenako anachoka. Kuyambira pamenepo sanapondenso pakhomo pathu, ndipo ine ndinkalambalala pamene amagulitsira.

Mwezi watha ndinafika pa mutu wa miyambo ndi ana anga a giredi 10. Ndinalemba pabolodi kuti mwambo uliwonse uli ndi ntchito yake pakati pa anthu. Anakopera bwinobwino, maso ali pawindo. Ndinadzifunsanso ngati uphunzitsi ndimauthadi. Apo ndinakumbukira zija munkanena, kuti munda sulimidwa ndi pakamwa.

Ndinapita pamsewu kwa Bana Mulenga. Atandiona anafunsa: "Ba digiri mufuna chiyani kwa ife odya anyani?" Ndinapepesa, ndinawapemphanso kuti abwere adzaphunzitse. Anangopitiriza kuunjika tomato.

Lachinayi anabwera, Amayi, atavala chitenge chatsopano. Anakana mpando. Anauza anawo kuti wofedwa alibe manja, ndiye achimbuya ndiwo amatola nkhuni, kuphika ndi kukumba manda. "Kutukwanako n'kuti misozi ipumeko. Munthu akangolira osaseka, timaika awiri." Kalasi yonse inaseka mpaka ahedi anasuzumira pakhomo.

Ndiye Esnati, mtsikana wakumbuyo amene sanakwezepo dzanja chaka chonse, anafunsa kuti, "Nanga inuyo, amene mumaseketsa ena, mumalira liti?"

Bana Mulenga anati inu anakulirani patapita sabata, ali okha kumunda, chifukwa pamaliro sinali nthawi yawo. Amayi, mabuku onse amene ndawerenga sanafunsepo funso limenelo. Linafunsidwa ndi mwana wa m'kalasi mwanga, ndipo ndikunyadira mpaka lero. Tsopano aliyense akufunsa akuluakulu a kwawo za mwambo umodzi, ndipo ana a mtundu wa Chisoli akubweretsa zinthu zimene ineyo sindinazimvepo.

Potuluka, Bana Mulenga anatenga chofufutira bolodi nandipaka choko pachipumi ana onse akuona. "Mwana wa wodya mbewa, wakula tsopano." Sindinapukute mpaka ndinaweruka.

Anena kuti Loweruka tipite limodzi kudzalambula pamanda panu, ndipo andichenjeza kuti akakutukwanani kwambiri chifukwa chowasiya okha pamsewu. Ndikulonjeza kuti ulendo uno ndidzangogwira khasu, n'kuwasiya alankhule mpaka amalize.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Dalitso