Zikhomo Zofiira M'dambo Langa

Lolemba, 5 Juni

Mvula. Mtsinje wafika pa mango a Sapiru, ndipo bwato lake lowolotsa anthu ndi njinga zamoto walimangirira kumtunda ngati mbuzi. Ndinapita kukawoloka ndi chikwama changa chomanga kale. Akuti, "Agogo, lero ngakhale nsomba zikuopa." Ndati ukuopa ndiwe, nsomba usazinamizire. Ndabwerera.

Mwezi wa Sarpina ndi uno. Chitsirizira changa, mimba yoyamba, ali yekha mumzinda wa Kendari m'kachipinda ka lendi. Mwamuna wake ali ku mgodi, amabwera abwana akafuna. Ine mayi wake ndili pano kuonerera madzi.

Lachiwiri, 6 Juni

Ndakwera phiri la kumanda kukasaka netiweki, kutsika kwake ndatsika ndi matako. Sarpina akuti miyendo yatupa. "Amayi, mubwera liti? Ndikufuna sinonggi, nsima ya sagu wakwathu, wakuno akununkha thumba." Foni yaduka ndisanayankhe.

Pobwerera ndadzera kudambo. Mtengo wa sagu waukulu uja, umene malemu mwamuna wanga Tawulo ankaunyadira, watsala pang'ono kuchita maluwa. Ukachita maluwa basi, ufa wonse wa m'thunthu mwake, umene timadya, wapita. Woudula palibe, amuna onse anathawira ku mgodi.

Ndiye ndaona zikhomo. Zofiira, zokhomedwa mzere kudutsa pakati penipeni pa dambo langa. Ndazula chimodzi ndasonkhezera moto. Pentiyo imayaka bwino.

Lachitatu, 7 Juni

Mwini zikhomo wabwera yekha. Lahadi, mng'ono wake wa Tawulo, ali ndi mnyamata wa kampani ya kanjedza wa mafuta. Mnyamatayo nsapato zoyera, wazivekanso majumbo.

"Alamu, msewu," akutero Lahadi. "Msewu wamiyala ndi mlatho, kampani imanga yokha. Bwenzi pano muli ku Kendari mukusisita miyendo ya mwana."

Chikundiwawa n'chakuti sakunama. Ndani watukwana matope a mudzi uno kuposa ine? Koma msewuwo akufuna athire dothi m'dambo, madzi aphwe. Sagu wopanda madzi ndi nkhuni.

Ndati, "Msewu ukaduka tizidya chiyani, miyala?"

"Wa kampani suduka."

Mnyamata nkulowererapo: "Agogo, masiku ano anthu amadya mpunga." Ndamufunsa ngati anabadwa ndi nsapato zomwezo, chifukwa amayi ake ayenera kuti anavutika.

Potuluka Lahadi wanena chimene anabwerera. "Dambo ndi la bambo athu, inu munalipeza. Mukachoka, woyankhula nditsala ndine."

Ndiye ndi zimenezo. Ndikapita, asainira kampani dambo. Ndikakhala, Sarpina abereka yekha.

Lachinayi, 8 Juni

Mvula. Nkhuku yaikira dzira m'chikwama changa cha ulendo. Nayonso yaona kuti sindikupita.

Lachisanu, 9 Juni

Mugolosale mpunga watha, galimoto silingafike. Ndani wagogoda kukhomo la kuseri ndi beseni? Wenima, mkazi wake wa Lahadi. "Achemwali, tipatseniko sagu pang'ono, zidzukulu zikulira." Ndamudzazira. Ndati bamboyo usamupatse, umuuze adye msewu.

Waseka, kenako watsitsa mawu. Akuti Lamulungu Lahadi atuma a Rundu, tolea wathu woyankhulira anthu pa mwambo, abwere kwa ine ndi kalo.

Kalo ikayalidwa pamaso pako, nkhata yoluka ndi luzi la rotani ija pa nsalu yoyera, akuluakulu atakhala mozungulira, sunganene kuti ndikaone nkhuku kaye. Umamva, umayankha, ndipo chimene wavomera utaigwira ndi manja sichibwezedwa. Akuluakuluwo ndimawadziwa, aliyense akulota njinga yamoto ya ndalama za kampani. Andipanikiza mpaka ndivomere.

Ndafunsa Wenima ngati mwamuna wake wapereka kale kwa a Rundu tsamba ndi mtedza wotafuna, mphatso imene timatumira tolea. "Ayi, angowauza pakamwa panjira. Mukuwadziwa kuumira kwawo."

Ndawadikirira a Rundu akutuluka mumzikiti, kanga ndakakulunga bwinobwino.

"Mayi, komatu Lahadi anayamba ndiye."

"Anakupatsani chiyani?"

"Mawu."

"Mawuwo muwatafune. Ine ndabweretsa tsamba. Mawa, kalo yanga kunyumba kwa Lahadi."

Atenga.

Loweruka, 10 Juni

Lahadi amaganiza kuti ndabwera kudzagonja. Anavala nsalu yatsopano ndi chipewa cha pa Idi, anaitananso wa nsapato zoyera uja kuti adzaonerere. Akuluakulu onse analipo, ndi imamu yemwe. Wenima anawiritsa khofi osandiyang'ana.

A Rundu anayala kalo pamaso pake. Iwo akayamba kuyankhula khanda limamera mano. Anatchula agogo ake a Lahadi, anatchula amene anabzala sagu woyamba, anapepesa denga, anapepesa mphasa. Lahadi akungogwedeza mutu, kumwetulira. Ndiye anafika pamutu pa nkhani: mkazi wamasiye wa mkulu wanu akupita kukachiritsa mwana. Alibe mwana wamwamuna pamudzi pano. Akupempha inu, magazi a malemu, mumusungire dambo, mitengo yake ndi madzi ake, lisagulitsidwe, lisakwiriridwe, kufikira atabwera.

Maso onse anatembenukira kwa Lahadi.

Ndani angakane kalo ya wamasiye wopempha m'bale amusungire chakudya cha ana? Ukakana, maliro ako udzanyamula wekha. Lahadi anayang'ana mnyamata uja. Mnyamata anayang'ana nsapato zake.

"Alamu, mwandimanga," anatero.

"Ndakulemekezani. Ndikanaikiza yani, Sapiru?"

Wina anaseka kumbuyo, imamu anatsokomola. Lahadi anatambasula manja nkuigwira kaloyo.

"Kufikira mutabwera. Tsiku lomwe mudzatsike m'bwato, kalo yanga idzakupezani musanavule nsapato."

"Ndamva."

Sindinapambane ayi. Nkhaniyi ndangoikankhira kutsogolo. Koma dzulo ndinalibe ndi pokankhira pomwe.

Lamulungu, 11 Juni

Mvula yaleka, mtsinje ukadali wofiira. Lahadi wandidutsa osapereka moni. Wenima akuti mnyamata wa kampani anamukalipira ngati mwana, komanso Lahadiyo anali atasankha kale mtundu wa njinga yake yamoto, yabuluu. Ndinamumvera chisoni. Chinatha msanga.

Netiweki palibe ngakhale kumanda. Sarpina, gwira mwanayo m'mimba momwemo, ndikubwera.

Lolemba, 12 Juni

Sapiru akuti mwina mawa. Mwina wake ndatopa naye. Kudambo kukumveka kugogoda kuyambira dzulo, koma bondo lakana kuti ndikaone. Ngati ndi zikhomo zina, Mulungu andigwire pakamwa.

Lachitatu, 14 Juni

Ndikulemba ndili tsidya lino, pakhonde la golosale, kudikira wakabaza athire mafuta.

M'mawa Sapiru anamasula bwato. Ndikuti ndikwere, nayu Lahadi, matope mpaka m'chiuno, paphewa mtolo wokulunga m'masamba, m'khwapa zikhomo zofiira zomanga pamodzi. Zikhomo anamuponyera Sapiru. "Nkhuni izo." Mtolo anauika pamapazi anga. Sagu wamuwisi, woyera, fungo la dambo lathu.

"Wa Sarpina. Ndagwetsa mtengo wa mkulu wanga uja."

"Ndinati musunge, sindinati mudye!"

"Kusunga sagu ndi kumudula asanachite maluwa. Mwaiwala, kapena ukalamba?"

M'manja mwake matuza okhaokha. Munthu amene sanagwire nkhwangwa chimwalirire Tawulo. Ndinamuuza kuti wamanga mtolo ngati mwana.

Bwato litasuntha anakuwa ali pagombe: "Alamu! Mubwera liti?"

"Mwana akayamba kuyenda!"

"Mwati chiyani?"

"Akakwatiwa!"

Sapiru anaseka mpaka kutsala pang'ono kutigwetsera m'madzi. Inenso ndinaseka. Pakati pa mtsinje m'pamene kuseka kunandithera. Ndikadzangoponda gombe lija, kalo yake ikundidikira. Dambo ndi langa pokhapokha ndili kutali nalo. Ndinacheuka kuti ndione nsonga za sagu, koma tinali titakhota kale.

Foni yalira tsopano lino, netiweki ya tsidya lino. Mwamuna wa Sarpina, akuti matenda ayamba, ali panjira ya kuchipatala. Wakabaza akuti mtolo ndi wolemera, ndiusiye. Ndamuuza atsike iyeyo.