Uyimbe Mbali Yako, Yanga Usiye

Matero, Lusaka
Kutha kwa mwezi wa Julayi, 1990

Teodora mng'ono wanga,

Moni kumeneko ku Malowera. Uli bwanji ndi bondo lako lija? Mukugona m'nyumba masiku ano, kapena mukadagonabe kuphiri? Ine kuno ndili bwino, ngati kudya ndi kugona ndiko kukhala bwino. Nkhumba ya m'khola nayonso imatero.

Makalata anga apitawa sunayankhe. Vicente, wa njinga uja amene amalandira katundu wathu ku Petauke n'kuwoloka naye malire, anatumiza mawu kuti ulendo watha sanakupeze. Akuti anapeza chitseko chotchinga ndi mtengo. Ena anamuuza kuti unapita ku Chipera kwa mwana wako, ena akuti zigawenga zija za matsanga zitabwera munathawira cha ku Fíngoè. Ine za akutiakuti sindimva. Mwezi watha, ndiye ndikulemba monga mwa masiku onse.

Nkhani za kumunda ndilibe. M'mawa mwana wanga Raul amapita kuntchito, mkazi wake Glória kumsika, mdzukulu wanga Inês kusukulu. Ine amanditsekera mumpanda ngati mbuzi yodya za eni. Amati mlendo ndi mame, koma mame anga akana kuuma. Ndiye ndikuuza zimene ndasewera, zimene ndaonera ndi zimene ndamva mwezi uno, pakuti ndiyo ntchito imene yanditsalira.

Ndiyambe ndi kachinthu kamene Raul anagulira Inês. N'kofanana ndi sopo, kali ndi kagalasi ndi todina tiwiri. M'kati mwa galasimo muli kamunthu kosenza dengu, kumwamba kukugwa mango. Ukadina uku kamathamangira uku, ukadina uko kamathamangira uko, mango akagwa pansi kamalira ngati mwanapiye n'kufa. Ukadinanso kauka. Poyamba ndinati zimenezi n'zamatsenga, ndinakana ngakhale kukakhudza. Koma nyumba ikakhala zii, munthu umagwira chilichonse. Tsopano ndakatcha Olímpio, dzina la malemu amuna anga, alamu ako aja, chifukwa ukakatuma kumanzere kamapita kumanja, ndipo dengu lake silidzaza. Ndimakatukwana mpaka dzuwa kufika pamutu, iko chete. Ngakhale pamenepo afanana.

Tsiku lina Inês pobwera kusukulu anapeza pilya, ndiye mabatire a kanthuko, zatha. Anandifunsa, ine ndinati mwina ndi makoswe. Mwanayo anayang'ana pagalasi n'kunena kuti makoswe a m'nyumba muno ngochenjera, pakuti atola mango ambiri kuposa iye ndi atate ake omwe. Kamwa limenelo watengera kuchimuna, usandiyang'ane ine.

Dzuwa likapendeka amatsegula televizau, bokosi lija ndinakuuza kuti limaonetsa anthu. Nthawi imeneyo mumakhala zidole zojambula zoyenda zokha. Mwezi uno munali mbuzi yovala chipewa, ndi fisi woithamangitsa tsiku ndi tsiku osaigwira. Ana a m'nyumba zoyandikana ankadzaza pansi ponse. Zidolezo zimalankhula Chingerezi, ndiye ine ndinkaziikira mawu anga: fisi akufunsira mbeta, mbuzi ikumukana chifukwa cha fungo la m'kamwa. Ana ankati agogo mukunama, sakunena zimenezo, koma ankasendera kufupi mpaka kundikhalira pa miyendo. Sindikubisa, nthawi imeneyo ndinkaidikira kuyambira m'mawa.

Sabata yatha fisi uja anaponda bomba. Linaphulika, utsi tolo. Utsi utatha anangoima ali bii ngati mphika, maso akuphethira, n'kudzikutumula, n'kuyambanso kuthamanga. Ana anaseka mpaka kugubuduka. Ine pamenepo sindinaone fisi. Ndinaona njira ya kudambo m'mawa uja, ndi mwendo wa mwana wa mnzathu Catarina uli pachitsa, nsapato ili momwemo. Ndinaimirira, ndinazimitsa bokosilo, ndinawauza kuti mina, bomba lija lokwirira m'nthaka, siitero, ndipo ndinawauza mmene imachitira. Kamwana kena kanayamba kulira. Glória ananditengera kuseri n'kundiuza mofatsa kuti amayi, nkhondo muisiye kwanu, ana a kuno asaidziwe. Ukundidziwa, yankho linali pakamwa kale. Koma mpongozi ananena zoona, ndiponso mbale imene ndimadyera ndi yake. Chichitikire zimenezo ana aja sabweranso. Amakaonera kunyumba ina, ndimangomva kuseka kwawo kuseri kwa mpanda.

Za nyimbo tsopano. Raul ali ndi gravadoro, wailesi yomeza makaseti ndi kujambula mawu. Mwezi uno wabweretsa rumba ya ku Zaire. Gitala yake imalira ngati udzudzu m'khutu, chilankhulo sindichimva, ndipo akuti amuna akuluakulu andevu amavina akugwedeza chiuno ngati anamwali otuluka m'tsimba. Ine ayi. Yabwinoko ndi ya kuno imene amati kalindula, ili ndi kugunda kumene kumafika m'mimba, ndipo phazi limayamba lokha usanalilole. Glória anandipeza ndikuvina ndi tsache, ndinamuuza kuti ndikupha mphemvu. Kutchalitchi amaimba bwino, koma mothamanga ngati akuopa mvula. Chinyanja chawo n'chosakaniza, ndipo ine ndikalankhula amaseka, amati agogo a ku Mozambiki amalankhula ngati buku la padiri.

Koma chimene ndatengera pensulo ndi ichi, umve bwino.

Tsiku lina magetsi anazima masana, ndili ndekha. Gravadoro zii, televizau zii, Olímpio alibe pilya. Ndinatenga kamtondo ka Glória, kakang'ono ngati ka masanje, ndinathiramo mtedza n'kuyamba kusinja. Munsi utagwa, nyimbo ya amayi ija inabwera yokha: mphale yanga yauluka, wauza mphepo ndani. Ndinaimba mokweza ndithu, n'kudikira. Ndinadikira ngati chitsiru, munsi uli m'mwamba, kuti iwe uvomere. Nditakumbuka kumene ndili, ndinati chabwino, ndidzivomera ndekha. Pakamwa yasa, mawu palibe. Ndinabwereza, ndinabwerezanso. Palibe.

Teodora, mbali yako sindikuidziwa. Chiyambire tili atsikana tasinja mumtondo umodzi, ine kuyambitsa, iwe kuvomera, munsi wanga pansi wako m'mwamba. Zaka zonsezo ndinkangodikira kuti umalize ndilowenso. Usanyade, sindikupepesa, woyambitsa ntchito yake ndi imeneyo. Koma ndayesa nyimbo zonse za amayi, ya mphale, ya mlamu waulesi, ya kuchitsime, zonse ndili ndi theka lokha. Zili ngati lumo lothyoka mbali imodzi.

Ndinafunsa Raul, akuti amakumbuka kamvekedwe kokha, mawu ayi, iye ankangobwera pamtondo kudzaba mphale. Ndinapita kwa mayi wina wa ku Katete amene amagulitsa makala pafupi pano, ndinamuimbira. Anavomera zake zina, zabwino ndithu, koma si zathu. Ndinamuthokoza, pobwerera ndinalira panjira anthu akundiona. Amayi anapita, azakhali anapita, anzathu a pamtondo abalalika ndi nkhondoyi. Amene watsala ndi theka linalo ndiwe wekha. Usiku sindinena, koma ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo ndimakhala ndikutafuna nyimbozo, ndipo pamalo pako pamakhala dzenje.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. M'phukusili muli mchere, sopo, pilya ndi kaseti yatsopano yosajambulamo kanthu. Vicente ali ndi gravadoro yake imene amayenda nayo, Raul wapangana naye kale, iwe ntchito yako ndi pakamwa basi. Koma usaimbe nyimbo yonse ayi. Uyimbe mbali yako, yanga usiye. Thira chimanga mumtondo, usinje ndithu kuti munsi umveke. Pamene ine ndimaimba, iwe ukhale chete, uzindimvera mumtima mpaka ndimalize, ndiye uvomere. Pamene munsi wanga umagwa usagwetsepo wako, pasiye pomwepo, ndidzagwetsa ine kuno. Ndipo usathamange. Uli ndi khalidwe lolowa ndisanamalize, amayi anakumenyera zimenezo kangapo koma sunasinthe.

Usandiitanire amayi a kwaya kuti akuthandize. Mawu awo osalala akaimbire padiri. Ine ndikufuna ako omwewo osasa ngati khwangwala wa chimfine. Ukatsokomola, chifuwacho chikhale momwemo, Vicente asafute. Ukatha ya mphale upitirize zinazo mpaka kaseti idzaze mbali zonse ziwiri. Pakatsala malo unditukwaneko pang'ono, kuno palibe amene amayerekeza.

Koma ngati kumeneko sikuli bwino, ngati kulira kwa munsi kungaitane anthu a mfuti, mtondo uusiye. Khala pansi m'nyumba, uziomba pantchafu pang'onopang'ono, uyimbe chapansipansi pafupi ndi gravadoroyo. Ndidzakweza ndekha kuno. Usafere nyimbo, ndingadzakutukwane pamanda.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Artur, uwauze kuti khasu langa ndikulifunabe, asaliyese lamasiye. Moni kwa mwana wako ndi apongozi ku Chipera, kwa adzukulu onse, ndi kwa Catarina ngati akulola kulankhula ndi anthu tsopano. Amalume aang'ono ngati akadali ndi mpweya uwagwire dzanja m'malo mwanga. Raul, Glória ndi Inês akupereka moni. Ukadutsa pamanda a amayi uzuleko udzu, mbali yanga ndidzabweza nkhondo ikatha.

Tsopano inu amene mukuwerenga kalatayi mokweza, pakuti mng'ono wangayo zilembo sazidziwa, apa ndikulankhula ndi inu. Ngati Teodora ali pamenepo akumva, mumuuze aleke kulira apite akafune munsi. Koma ngati mwatsegula kalatayi chifukwa mwini wake kulibenso, mchere ndi sopo mugawane, n'zanu. Musandilembere, ndipo musatume Vicente kuti adzasanje mawu, ine mawu osanja ndimawamva asanatuluke. Mungomupatsa kasetiyo abwere nayo momwe ilili. Ndidzaiika mu gravadoro, ndidzayambitsa nyimbo, ndipo ndidzamva ndekha.

Tsala bwino, Mulungu akubise kumene zipolopolo sizifika.

Ndine mkulu wako,
Adelina